Asanadziwe zilembo, mwana amafuna munthu womuyankha

Chaka cha sukulu chikamatha, m'matauni mwathu simusowa zikondwerero za tiana ta mkombaphala. Ku Ndirande, ku Area 25, ku Chibavi, mwambo wake ndi umodzi: tenti yobwereka, zokuzira mawu zogonthetsa m'khutu, ndi tiana ta zaka zisanu titavekedwa mikanjo ndi zisoti ngati tachokera ku yunivesite. Kamodzi kamaitanidwa kutsogolo, kamapatsidwa maikolofoni, n'kuyamba kulakatula masiku a pasabata ndi miyezi ya pachaka m'Chingerezi, osapumira. Nthungululu zimabuka. Mayi ake akuthamangira kukafupa, bambo ali kalikiliki kujambula pafoni. Dzuwa lisanalowe kanemayo wafika kale kwa amalume a ku Joni.

Kusangalala sikulakwa, ndipo fizi ya sukulu zimenezi makolo amaipeza atakhetsa thukuta. Koma mwa onse amene akhala pansi pa tentiyo, ndi angati adafunsapo mwini sukulu kuti m'kalasi mwa mwana wawo mwadutsa aphunzitsi angati chiyambireni chaka? M'sukulu zambiri zotere, anti amene adalandira mwana mu Seputembala safika Pasaka. Malipiro ndi ochepa, amabwera mochedwa, ndiye akangomva za ntchito ya m'shopu amanyamuka osatsanzika n'komwe. Kunyumba nkhaniyi imadziwika mwa njira ina: mwana wayamba kukana yunifolomu m'mawa, kapena wayambiranso kukodza pogona. Timati wayamba makani. Sitiganizako kuti munthu amene ankamupukuta mamina, amene ankadziwa kuti iyeyu sadya wina akamamuyang'ana, wasowa mwadzidzidzi ndipo palibe wamuuza chifukwa.

Pa zaka 70 zapitazi akatswiri a kakulidwe ka ana, ngakhale adadzera njira zosiyana, akhala akukumana pa mfundo imodzi. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi chimodzi saphunzitsidwa ndi khoma lopakidwa zilembo, zidole zodula kapena wailesi ya kanema. Amaphunzitsidwa ndi anthu amene wawazolowera, amene amamuyankha, amene mawa adzawapeza pomwepo. Zinazo zimathandiza pokhapokha munthuyo alipo. Kuno kwathu anthu otere tili nawo ambirimbiri, koma ndondomeko zathu, ngakhalenso maganizo athu monga makolo, zimawaika kumbuyo.

Nkhuku yodutsa pabwalo

Tiyambire pakhonde. Mayi akusankha nyemba m'lichero, mwana wa miyezi khumi wakhala pamkeka pambali pake. Pabwalo padutsa nkhuku ndi anapiye ake. Mwana atambasula kamkono, akuti "Eh! Eh!", kenako atembenuka kuyang'ana nkhope ya mayi ake. Pa kutembenukako ndi pamene pagona nkhani. Sikuti akufuna nkhukuyo. Akufunsa ngati amayi nawo aiona.

Mayi adzutsa mutu. "Mwaiona, bambo? Ndi nkhuku imeneyo. Taonani tiana take." Mwana amenya mkeka ndi zikhatho, dovu lili chuchuchu. "Mukufuna mukaigwire? Ayi, ikujomphani!" Mwana aseka, ayang'ananso nkhuku, ayang'ananso mayi. Nyemba zikusankhidwabe, ntchito sidaime.

Zonsezi sizikwana mphindi imodzi. Koma mwanayo wamva dzina la chinthu pa nthawi yeniyeni imene maso ake ali pa chinthucho, ndipo umu ndi mmene mawu amakhazikikira m'mutu. Waona kuti akatulutsa liwu munthu wina amachewuka. Wayeserera kupatsana mpata poyankhula, iye kenako mayi, mayi kenako iye, kudakali chaka chathunthu kuti adzanene chiganizo chake choyamba. Ofufuza za kakulidwe ka ana a ku yunivesite ya Harvard amati m'zaka zoyambirira za moyo, timitsempha ta muubongo timalumikizana malo oposa 1 miliyoni pa sekondi iliyonse. Malumikizidwe ogwiritsidwa ntchito kawirikawiri amalimba, osagwira ntchito amafota, ndipo chimodzi mwa zazikulu zimene zimawalimbitsa ndi kuyankhana kotereku, kobwerezedwa kambirimbiri pa tsiku. Zili ngati nthano ya madzulo: woimba nthano akati "padangokhala" koma pabwalo pali zii, palibe woti "tilitonse", nthanoyo imathera pomwepo. Khanda nalo limayamba nthano zake tsiku lonse.

Zimene zimachitika likasowa woliyankha adazionetsa poyera katswiri wa ku America, Edward Tronick, m'zaka za m'ma 1970. Ankakhazika mayi moyang'anizana ndi khanda lake n'kuwasiya asewere. Kenako ankapempha mayiyo kuti aumitse nkhope, osamwetulira, osayankha, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Khanda limayamba ndi kumwetulira, kuyesa kunyengerera. Likaona kuti sizikuphula kanthu limaloza, limakuwa, limadzipotokola, kenako limayang'ana kumbali n'kuyamba kulira. Mayi ali pomwepo, mimba ndi yokhuta, thewera ndi louma. Chasowa ndi yankho basi. Amene amakwera minibasi masiku ano nkhope youmayi amaidziwa: kholo maso ali pa WhatsApp, mwana pamiyendo akukoka kolala.

Tronick yemweyo adapezanso china chotonthoza mtima. Ngakhale pakati pa mayi ndi mwana ogwirizana bwino, nthawi imene amamvanadi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nthawi yotsalayo amaphonyana, n'kukonza, n'kuphonyananso. Mayi amene wasenza mtolo wa nkhuni sangayankhe kulira kulikonse, ndipo safunika kutero. Chachikulu n'chakuti akatula mtolowo abwerere kwa mwana.

Zidamera ku Uganda

Ena akamva nkhani zotere amati n'zachizungu, zongosasatitsa ana. Mbiri yake sikutero. Mu 1954 katswiri wa za maganizo a anthu, Mary Ainsworth, adafika ku Kampala potsatira mwamuna wake amene adapeza ntchito kumeneko. Adali atagwirapo ntchito ku London ndi dokotala John Bowlby, yemwe ankanena kuti khanda limakakamira mayi ake osati chifukwa cha bere lokha, koma chifukwa limabadwa likufuna munthu woti lizimudalira. Ainsworth adali asanakhutire nazo. Adapeza womasulira n'kuyamba kuyendera mabanja 26 a Chiganda m'midzi yozungulira Kampala, maola awiri pa masabata awiri alionse, kwa miyezi yofika 9, akungoyang'ana ndi kufunsa.

Adaona kuti ana amene amayi awo ankazindikira msanga chimene mwana akufuna sadali omata pachitenje ayi. Ankalira pang'ono, ndipo ndi amene ankakwawira patali, kutola ichi ndi icho, n'kumachewuka apo ndi apo kuona ngati mayi akadalipo. Ana osadziwa ngati ayankhidwa kapena ayi ndi amene ankalira kwambiri ngakhale ali m'manja, ndipo sankafuna kutsika kuti akasewere. Adaonanso kuti amayi amene ankatha kufotokoza za mwana wawo mwatsatanetsatane, chimene amakonda, chimene chimamuopsa, kawirikawiri ana awo adali okhazikika mtima. Ndipo ana ambiri sankadalira mayi yekha: bambo, agogo, ngakhale mkulu wake wa mwanayo ankatha kukhala pothawira. Buku lake lotchedwa Infancy in Uganda lidatuluka mu 1967, ndipo zambiri zimene mayunivesite akuphunzitsa lero za ubale wa mwana ndi womulera zidamera pamenepo, pamikeka ya amayi a ku Africa konkuno.

Mphunzitsi wa mkombaphala ali n'chotolapo apa. Kuphunzira kumafuna kulimba mtima: kugwira chinthu chachilendo, kuyankha molakwa pagulu, kugwetsa chimene wamanga n'kuyambiranso. Mwana wamantha nzeru zake zonse zimathera pa kuyang'anira chimene akuchiopacho. Mphunzitsi wonyamula kamtengo akhoza kukhala ndi kalasi labata, ana akuyankhira pamodzi mokweza mawu, koma tapatulani mwana mmodzi mumufunse funso limene mulibe m'nyimbo, muone mmene azyolikire.

Umboni wowawa kwambiri udachokera ku Romania. Boma la Nicolae Ceaușescu litagwa mu Disembala 1989, dziko lonse lidaona ana oposa 100,000 ali m'nyumba za boma zosungirako ana, ambiri atagonekedwa m'timabedi tachitsulo, akudyetsedwa ndi kusambitsidwa pamzere ndi antchito osinthanasinthana. Kuyambira mu 2000, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah adalondola ana 136 a m'nyumba zotere ku Bucharest. Theka adapezeredwa mabanja owalera, theka adatsala. Opita m'mabanja adaposa anzawo pa nzeru, pa chiyankhulo ndi pa kukhulupirira anthu, makamaka amene adachotsedwa asanakwanitse zaka ziwiri. Tizizikumbukira izi tikamaombera m'manja aliyense womanga nyumba ya ana amasiye, pomwe ndalama zomwezo zikadathandiza agogo kapena azakhali kusunga mwanayo pamudzi.

Zidole za mabotolo ku Kingston

Kafukufuku amene ayenera kutikhudza kwambiri ife Amalawi ndi wa ku Jamaica, chifukwa adachitika pa ana opinimbira. Kuno, kafukufuku wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Mu 1986 ndi 1987, dokotala Sally Grantham-McGregor ndi anzake adasankha ana 129 opinimbira, a miyezi 9 mpaka 24, m'madera osauka a mu Kingston. Ena ankalandira mkaka waufa sabata iliyonse. Ena ankayenderedwa ndi alangizi a zaumoyo, ofanana ndi amene timawapeza kusikelo kuno, ola limodzi pa sabata kwa zaka ziwiri. Ena ankalandira zonse ziwiri, ndipo gulu lina silinkalandira chilichonse mwa ziwirizi.

Mlangiziyo sankabwerera mwana yekha. Ankabwera kudzakhala pansi ndi mayi, kumuonetsa mmene angasewerere ndi mwana wake pogwiritsa ntchito zidole zopangidwa ndi mabotolo ndi tinsalu totha ntchito, mmene angatchulire zinthu za m'nyumba, mmene angamuyamikirire mwana akayesa m'malo momukalipira akalephera. Chidolecho ankachisiya, sabata yotsatira n'kubwera ndi china.

Patapita zaka 20 ofufuza adawasakasaka anawo, tsopano ali anyamata ndi atsikana apantchito. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2014 m'magazini ya Science: amene amayi awo ankayenderedwa ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi 25 peresenti, ndipo adali atawapeza anzawo amene sadapinimbirepo. Phindu la mkaka wokha, lomwe lidaoneka poyamba, lidali litazilala. Sikuti chakudya n'chachabe. Mwana wanjala sasewera, ndipo m'mudzi aliyense amadziwa kuti phala likasowa ku mkombaphala ana nawonso amasowa. Koma ife tikamakamba za masiku 1,000 oyambirira a mwana timatchula magulu asanu ndi limodzi a zakudya n'kuthera pomwepo. Mu 2018 WHO, UNICEF ndi World Bank adatulutsa ndondomeko ya kaleredwe imene imaika kuyankha mwana pamndandanda umodzi ndi thanzi, chakudya, chitetezo ndi mwayi wophunzira. Pamzere wa sikelo uthenga umenewu sumveka kawirikawiri. Timamvako za katemera, za phala ndi za kulera.

Mlezi wa m'tchalitchi chobwereka

Kuno kwathu maphunziro a mmera mpoyamba adasenzetsedwa anthu ongodzipereka. Sukulu zoyambirira za mkombaphala zidali za m'tauni, ndipo bungwe lozigwirizanitsa, lomwe lero limatchedwa AECDM, lidakhazikitsidwa mu 1970. Kumidzi ntchitoyi idayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, boma mothandizidwa ndi UNICEF litayesa malo osamalirako ana oyendetsedwa ndi eni mudzi ku Mzimba, Salima ndi Chikwawa. Edzi itachulukitsa ana amasiye m'zaka za m'ma 1990 malo otere adafalikira dziko lonse. Ndondomeko ya boma idabwera mu 2003, ndipo lero malowa alipo oposa 10,000. Ena ali ndi nyumba ya malata. Ambiri amabwereka tchalitchi, kapena amakumana m'kachisakasa ka udzu, apo ayi pansi pa mtengo wa mango.

Mlezi wa malo otere tsiku lake limayambira kumunda. Akabwerako atunga madzi, asesa m'tchalitchi, akankhira mabenchi kukhoma. Ana ayamba kufika, ena ataperekezedwa ndi achemwali awo opita ku pulayimale, ena okha, kapu ya pulasitiki ili m'manja. Akhoza kukwana 40 kapena 60, kuyambira wongosiya kumene kuyamwa mpaka woti chaka chamawa ayamba Sitandade 1. Zipangizo zake ndi zitsekerero za mabotolo zowerengera, zitsononkho, dongo, mpira wachikulunga, ndi katoni yong'amba imene walembapo zilembo ndi khala. Kuseri amayi awiri amene lero ndi tsiku lawo akutakasa phala, ngati ufa udasonkhedwa. Ngati mleziyu adapitako ku maphunziro, adali a masabata awiri, zaka zingapo zapitazo. Ambiri sadapiteko n'komwe.

Komatu mayi ameneyu ali ndi chuma chimene sukulu yodula ya ku Namiwawa singachigule. Amadziwa mwana aliyense, mayi ake, agogo ake, mpaka mfunda wake. Akaona kamtsikana kena kafika kali ndwii, amadziwa kuti kwawo kudali ndewu usiku, kapena kuti mayi ake agonekedwa kuchipatala, ndipo amangokatengera pamiyendo osakafunsa zambiri. Amayankhula chimene mwanayo amayankhula kwawo, kaya ndi Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena. Madzulo amakumana ndi makolo pamjigo ndi kuchigayo. Mgwirizano wa sukulu ndi kunyumba umene akatswiri amaulembera mabuku, iyeyu safunika kuuphunzira.

Chimene alibe ndi malipiro. M'zaka zaposachedwapa boma layamba kupereka kangachepe kwa alezi ena, koma ochuluka akugwirabe yaulere. Ndiye mvula ikagwa mlezi amapita kukalima. Ikafika Januwale ndi Febuluwale amapita kokasaka ganyu, ndipo malo ambiri amatsekedwa pa nthawi yomweyo imene njala yaluma m'makomo, pomwe ana akusowa phala ndi munthu wodekha. Wina amakwatiwa kumudzi wina. Wina amatopa ndi mawu a amuna ake oti amangotaya nthawi ndi ana a eni. Komiti imasankha wina, wosaphunzitsidwa, ndipo ana amayambiranso kuzolowera nkhope yatsopano. Mabungwe akamakamba za kuchoka kwa alezi amadandaula ndalama za maphunziro zimene zalowa m'madzi. Zimene wataya mwana sizilembedwa m'lipoti.

Tisanamizanenso kuti alezi onse ndi angelo. Alipo okalipa, alipo omenya, alipo amene amaganiza kuti sukulu ndi kukhazika ana m'mizere n'kumabwereza A, B, C mpaka phala lipse. Amatero chifukwa ndi sukulu yokhayo imene iwo adaiona, komanso chifukwa makolo amafuna zomwezo. Mlezi akalola ana kuumba ng'ombe zadongo n'kumacheza nawo za ng'ombezo, ya ndani yayikulu, ikudya chiyani, ikagona kuti, sipalephera kholo lokadandaula kwa amfumu kuti kumeneko ana amangosewera.

Kafukufuku wa kwathu konkuno adaiunika bwino nkhaniyi. Boma ndi World Bank adatenga malo a mmera mpoyamba 199 m'maboma anayi. Onse adalandira zidole ndi zipangizo zophunzirira. Malo ena alezi ake adapatsidwanso maphunziro a masabata asanu ndi anthu owayendera. Kwina, pamwamba pa maphunzirowo, alezi ankalandira kangachepe mwezi ndi mwezi kwa kanthawi. Ndipo kwina, pamwamba pa maphunziro a aleziwo, kudali misonkhano 12 ya makolo, yophunzitsana kucheza ndi kusewera ndi ana kunyumba. Zotsatira zake, zimene Berk Özler ndi anzake adasindikiza mu 2018, n'zopatsa maganizo. Maphunziro a alezi adasinthadi kachitidwe ka zinthu m'kalasi, koma paokha sadasinthe kakhozedwe ka ana. Kangachepe ka miyezi yowerengeka nako sikadasinthe kanthu pa ana. Amene adapita patsogolo pa chiyankhulo ndi pa kukhala bwino ndi anzawo, patatha miyezi 18, ndi ana a kumene adaphunzitsa alezi ndi makolo omwe. Patatha miyezi 36 kusiyanako kudali kutafafanizika.

Wina atha kunena kuti ndiye zonsezi n'zopanda ntchito. Ine ndikuona mosiyana. Ku Jamaica mlangizi ankafika pakhomo sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, mwana akadali kumsana. Kuno idali misonkhano yowerengeka ya pagulu, ana atafika kale zaka zitatu kapena kupitirira. Ubale sumangidwa pa misonkhano ingapo n'kuusiya. Chimene kafukufukuyu adatsimikiza n'chakuti mlezi yekha sangathe, poti mwana amakhala naye m'mawa mokha; maola ena onsewo ali kwawo. Mu 2018 momwemo World Bank idavomereza ndalama zokwana madola 60 miliyoni zotukulira ana aang'ono m'maboma 13. Ntchito zotere timakonda kuziyeza ndi nyumba zimene zamangidwa, poti ndi zimene nduna ingadule riboni. Bwenzi tikufunsanso kuti mwa alezi amene adaphunzitsidwa, ndi angati akadali ndi ana omwe aja.

M'nyumba mwathu

Mwambo wathu udatipatsa zambiri. Khanda la kumudzi silisowa thupi la munthu: lili kumsana, lili pabere, lachoka m'manja mwa uyu lapita mwa uyo. Agogo aakazi amene amaitana mdzukulu wawo kuti "amuna anga", n'kumamunena kuti chikwatirane sadawagulirepo chitenje, akumuphunzitsa chiyankhulo kuposa tchati chilichonse cha pakhoma. Masanje, ndagi, phada, zonsezi ndi sukulu. Koma tilinso ndi zizolowezi zofunika kuziunika. Ambiri timakhulupirira kuti khanda silimva kanthu, choncho kucheza nalo n'kudzichititsa manyazi. Mwana akayamba kuyankhula, mawu ambiri amene amamva kwa akulu ndi otuma ndi oletsa: tenga icho, choka apo, khala chete, usalowerere nkhani za akulu. Wamafunso timamuti wolongolola. Ulemu ndi wabwino ndipo tisautaye, koma mwana akhoza kugwada popereka madzi kwa alendo n'kukhalabe ndi munthu womuyankha akafunsa chifukwa chimene mwezi ukumutsatira.

M'tauni vuto ndi lina. Makolo onse awiri amachoka mbandakucha, amabwera kutada, ndipo amene akulera mwana ndi mtsikana wantchito. Mtsikanayu timamulipira zochepa, timamuletsa kukhala pampando, akaswa mbale ziwiri timamukweza basi. M'nyumba zina mwana amakwanitsa zaka zitatu atadutsa m'manja mwa atsikana osawerengeka. Alipo amayi amene amachita nsanje mwana akamalirira wantchito, mpaka kumuchotsa pa chifukwa chomwecho. Chonsecho kulirako ndi umboni woti mtsikanayo akugwira bwino ntchito yake. Mwana amatha kukonda ndi kudalira anthu angapo, monga adaonera Ainsworth, ndipo wina salanda malo a mnzake.

Abambo nawo, lamulo la ntchito litakonzedwanso mu 2021 lidawapatsa tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa. Koma lamulo silingakhazike munthu pamkeka. Bambo amene amafika ndi jumbo ya buledi n'kulunjika pa wailesi kukamvera mpira asamadabwe mwana akamamubisalira.

Ndiye pali mayi amene akufuna kuyankha koma sakutha. Kuvutika maganizo ndi kukhumudwa munthu akabereka n'kofala kuposa mmene timavomerezera. Kafukufuku wa Robert Stewart ndi anzake ku Thyolo, wosindikizidwa mu 2008, adapeza kuti makanda a amayi ovutika maganizo adali aafupi msinkhu poyerekeza ndi anzawo. Mayi wotere timamuti waulesi kapena wosasamala. Nkhope youma ya mphindi zochepa ija, kwa mwana wake imakhala ya miyezi. Kumuuza kuti aziimbira mwana sikuthandiza ngati palibe womufunsa iyeyo kuti wagona bwanji. Apa ndi pamene apongozi, anansi, amayi a Mvano ndi alangizi a zaumoyo ali ndi gawo lenileni pa maphunziro a mwana amene sadayambe n'kukhala komwe.

Tsiku lolembetsa

Kenako mwana amakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, m'sukulu zambiri za boma si zachilendo kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1, mphunzitsi ali mmodzi. Ngakhale akhale wachifundo chotani, teremu yoyamba imatha asanaloweze mayina onse. Mwana amene dzulo ankakhala pamiyendo pa mlezi lero wangomira m'chinamtindi, ndipo n'zosadabwitsa kuti kalasi imeneyi ana amaibwereza kwambiri. M'sukulu zina aphunzitsi odalirika amawasungira Sitandade 8, kumene kuli mayeso otchukitsa sukulu.

Kuchepetsa ana m'kalasi kumafuna ndalama zimene boma limati lilibe. Koma chilipo china chosalira ndalama. Malo a mmera mpoyamba akhala ali pansi pa unduna wa za jenda, pulayimale pansi pa unduna wa zamaphunziro, ndipo m'midzi yambiri malo awiriwa sayenderana, ngakhale ayandikane moti munthu akhoza kukuwa n'kumveka. Mlezi amene wakhala ndi mwana zaka zitatu amadziwa kuti uyu samva bwino khutu lakumanzere ndipo azikhala kutsogolo, uyu amachita chibwibwi akakalipiridwa, uyu amawerenga mpaka 20 koma sayankha ukapanda kumutchula dzina, awa awiri asasiyanitsidwe sabata yoyamba. Ahedi atamuitana tsiku limodzi sukulu isanatsegulidwe, kuti akhale pansi ndi mphunzitsi wa Sitandade 1 kaundula ali patebulo, zonsezi zikhoza kuwoloka limodzi ndi anawo. Mabungwe ena ayamba kulimbikitsa zimenezi m'madera amene akugwiramo ntchito. Kwina konseku, tsiku lolembetsa amangofunsa dzina la mwana, zaka zake, mudzi ndi dzina la kholo, mlezi ali kumunda.